Injini kapena sola: zimene sitima za panyanja zingauze mlimi wa m'dimba

Mvula ikangosiya mu Epulo, ntchito ya ku Mitundu ndi ku Nathenje imatsikira kudambo. Tomato, anyezi, kabichi, mpiru, repu ndi mondokwa zimene zimadzaza pa Wakawaka ndi m'misika ina ya mumzinda wa Lilongwe, gawo lake ndithu limachokera m'madimba a kuno, ndipo palibe chimamera popanda munthu kuchotsa madzi pansi n'kuwafikitsa pa bedi. Kale ntchito imeneyi inali ya kheni ndi msana. Kenako kunabwera mapampu opalasa ndi miyendo, aja boma linagawa kudzera mwa aphungu m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo ambiri a iwo anathera kuseri kwa nyumba ntchafu zitatopa. Lero mlimi amene wapeza kangachepe, kaya wagulitsa soya kaya fodya, amafunsa anzake funso limodzi: ndigule pampu ya injini kapena ya sola?

Funso lomweli eni sitima zikuluzikulu za pamadzi analiyesa kale, ndi ndalama zimene ife sitingazilote. Yankho limene anapeza, ukalimva mothamanga, likuoneka ngati likuikira kumbuyo injini. Ukalimva modekha, likunena china.

Mu Disembala 2008, kampani ya ku Japan ya NYK Line inaonetsa padoko la Kobe sitima yotchedwa Auriga Leader, yonyamula magalimoto a Toyota. Ndi chimphona: kutalika pafupifupi mamita 200, m'lifupi mamita 32, m'mimba mwake mulowa magalimoto opitirira 6,000. Padenga pake anayalapo mapanelo a sola 328, otulutsa makilowati 40 dzuwa likakhala pamutu. Atayenda nayo n'kuwerengera, anapeza kuti magetsi a dzuwawo ankakwana pafupifupi gawo limodzi pa 100 la magetsi amene sitimayo imadya pa nyali, mafani ndi mapampu ake. Poyerekeza ndi mphamvu yokankhira sitimayo pamadzi, anali gawo limodzi pa magawo 2,000. Mu 2012 kampani ina ya ku Japan komweko, Mitsui O.S.K. Lines, inatulutsa Emerald Ace, yokhala ndi mapanelo a makilowati 160 ndi mabatire akuluakulu. Iwowa anachenjera: sanauze dzuwa kuti likankhe sitima. Mapanelo amadzaza mabatire pa ulendo, ndipo sitima ikaima padoko, cholinga n'chakuti majenereta a dizilo azimitsidwe, magetsi achokere m'mabatire. Pa nyanja yaikulu injini ndiyo imakhalabe mwini ntchito.

Chifukwa chake n'chosavuta, ndipo mwana wa Fomu 2 angachiwerengere pamchenga. Dzuwa likawala bwino limagwetsa mphamvu ya mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita imodzi. Panelo yabwino imagwirapo pafupifupi gawo limodzi pa magawo asanu, ndiye kuti mawati 200. Injini ya sitima ngati Auriga Leader imatulutsa makilowati opitirira 10,000. Kuti dzuwa lipereke mphamvu imeneyo pangafunike mapanelo odzaza maekala opitirira 12, pamene denga lonse la sitimayo ndi ekala imodzi ndi theka. Ndipo pamenepo tikunena za masana okha, kumwamba kopanda mtambo. Sitima ilibe malo, ndipo katundu wake ndi wolemera mopitirira.

Pamene katundu wachepa, nkhani imasintha. Bwato la PlanetSolar, la mamita 31, linanyamuka ku Monaco mu Seputembala 2010 n'kuzungulira dziko lonse ndi dzuwa lokha, kubwerera mu Meyi 2012, patatha masiku 584. Linatha kutero chifukwa linali lopepuka, pamwamba pake ponse panali mapanelo, silinanyamule katundu wa malonda, ndipo linkayenda pang'onopang'ono, kusankha njira motsata nyengo. Ku Kerala m'dziko la India, bwato lotchedwa Aditya lakhala likuwolotsa anthu 75 paulendo kuyambira mu Januwale 2017, pakati pa Vaikom ndi Thavanakkadavu, mtunda wa makilomita ochepa, ndi mapanelo a makilowati 20 ndi mabatire. Ulendo waufupi, madzi odekha, gombe pafupi. Pa ntchito yotere dzuwa limakwana.

Kwathu kuno chitsanzo chili pa Nyanja ya Malawi pomwe. Palibe munthu wanzeru angauze Ilala, imene yakhala ikuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba kuyambira mu 1951, kuti ilimbane ndi mwera podalira mapanelo. Koma onani asodzi a usipa. Nyali za palafini zimene ankakopera nsomba usiku zachepa, m'malo mwake mwalowa mababu a LED oyendera batire, ndipo batire ambiri amalitchaja ndi sola masana. Injini ya bwato ikumwabe petulo. Asodziwa sanapite kumsonkhano uliwonse, anangogawa ntchito: yopepuka kwa dzuwa, yolemera kwa injini. Pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, EGENCO inaika mapanelo a mamegawati 1.3 ndi mabatire mu 2020, pamene kale magetsi ankachokera ku majenereta a dizilo wobwera pa sitima, oyaka maola ena okha patsiku. Majeneretawo sanawataye. Anawasiya pambali kuti aziyaka dzuwa ndi mabatire zikaperewera.

Ndiye funso lenileni kwa mlimi ndi ili: kuthirira dimba ndi ntchito yolemera ngati kukankha sitima, kapena yopepuka ngati kuyatsa nyali zake? Msana umati ndi yolemera. Masamu akuti ayi.

Tiyerekeze ekala imodzi ya ndiwo zamasamba m'nyengo yotentha. Imafuna madzi okwera pafupifupi mamilimita 5 patsiku, ndiye kuti malita 20,000 kapena kupitirira pang'ono. Ndi kheni ya malita 10 amenewo ndi makheni 2,000, n'chifukwa chake palibe banja limathirira ekala yathunthu pamanja. Koma kukweza malita 20,000 mamita 10, kuchoka m'chitsime kufika m'thanki, kumafuna magetsi osapitirira yuniti imodzi ndi theka, ngakhale titawerengera mphamvu yotayika m'pampu ndi m'mapaipi. Panelo imodzi ya mawati 300, m'dera ngati lathu limene limalandira dzuwa lamphamvu maola asanu kapena kupitirira patsiku, imatulutsa pafupifupi zomwezo. Ikani mapanelo awiri kapena atatu kuti pakhale chotsala, ndi pampu yolingana nawo. Malo ake ndi ochepa kuposa khola la mbuzi. Chimene chinakanika pa sitima chifukwa cha malo, m'dimba chimatheka pakona pa munda.

Izi sizikutanthauza kuti injini yagonja. Tiyeni tiione pafupi, chifukwa ili ndi zake zimene sola alibe.

Pampu ya petulo imene ambiri amagula ndi ya mainchesi awiri, ya mahosipawa 5.5 kapena 6.5, yokhala m'kafelemu kachitsulo koti anthu awiri n'kunyamula kapena kumanga pa kaliyala ya njinga. Mukafika pamtsinje mumaponya paipi yokoka m'madzi, kumapeto kwake kutamangidwa sefa kapena kachiguduli kotchinga zinyalala. Mumatsegula kachivindikiro ka pamwamba n'kuthiramo madzi mpaka atasefukira, chifukwa pampu youma siikoka ndipo imapsa. Mumatsegula mafuta, kutseka tchoko, kukoka chingwe. Ikakana, mumachotsa pulagi, kuipukuta pa malaya, kuiuzira, kubwezeretsa. Ikalira, paipi yophwatalala ija imafufuma ngati yadzidzimuka, ndipo amene wagwira kumapeto kwake ayenera kuthamanga nayo, apo ayi madzi akumba bedi ndi kuzula mbande. Pa pepala pampu yotere imatulutsa malita 30,000 pa ola. M'munda, ndi paipi yaitali yodontha m'malumikiziro, imatulutsa ochepera, komabe pa ola limodzi kapena awiri ntchito ya tsiku yatha. Mwini wake amaikweza panjinga, n'kupita kukathirira dimba la mnzake pa ganyu.

Apa m'pamene pali mphamvu ya injini. Imagwira ntchito nthawi imene mwini wafuna, mbandakucha kapena madzulo dzuwa litapendeka, pamene madzi sauma msanga. Siisamala za mitambo. Usiku imagona m'nyumba. Ikadwala, dokotala wake ali pafupi, pakuti mnyamata aliyense wokonza njinga zamoto za kabaza pa Mitundu kapena pa Nathenje amadziwa kabyureta ndi pulagi, ndipo zipangizo zake zimapezeka m'magolosale a masipeya. Koposa zonse, mtengo wogulira ndi wotsika. Munthu wa ekala theka angaifikire ndi ndalama za mbewu za chaka chimodzi.

Vuto n'lakuti injini mumaigula tsiku limodzi koma mumailipira tsiku lililonse. Imamwa petulo pafupifupi lita imodzi kapena kuposa pa ola, kuonjezera oyilo. Ndipo petulo ameneyu sitikumba ku Dzalanyama. Amabwera pa mathankala kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, wogulidwa ndi madola amene dziko lino limasowa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwezi womwewo MERA inakweza petulo kufika pa K2,530 ndi dizilo pa K2,734 pa lita. Mitengoyo sinathere pomwepo. Koma kwa mlimi mtengo wa pafilingi sitesheni ndi theka chabe la nkhani. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira kuyambira mu 2022, woyamba kuthamangitsidwa pamzere ndi munthu wa chigubu, chifukwa malamulo oletsa zigubu amapangidwa poganizira mavenda, ndipo wothira mafuta sangasiyanitse venda ndi mlimi wa tomato. Mlimiyo amakathera kwa venda yemweyo, kugula wa m'botolo pamtengo wowirikiza, nthawi zina wosakaniza ndi zina. Tomato amene wayamba maluwa mu Seputembala sadikira kuti thankala lifike kuchokera ku Beira. Masiku atatu opanda madzi, maluwa ayoyoka.

Sola ndi wosiyana pa chilichonse. Ndalama zake zimapweteka poyamba, kenako amakhala chete. Pampu zake zilipo za mitundu iwiri: zokhala kumtunda zokoka ndi paipi, ndi zomiza m'chitsime momwemo. Zomizazi zili ndi mwayi umene injini ilibe. Pampu iliyonse yokhala kumtunda, kaya ya petulo kaya ya sola, siingakoke madzi ozama kupitirira mamita 7 kapena 8, ndipo pa mtunda ngati wa Lilongwe, wokwera mamita opitirira 1,000, malirewo amatsikanso. Yomiza imakankha madzi kuchokera pansi, choncho imawatsatira akamatsika.

Kuona pampu ya sola ikuyamba ntchito kumakhumudwitsa munthu wozolowera injini. Cha m'ma 7 koloko imang'ung'udza pang'ono, madzi akutuluka ngati a m'ketulo. Pofika 10 koloko paipi yadzaza. Mtambo ukadutsa, madzi amafooka pomwepo, maso akuona, n'kubwereranso mtambo ukapita. Pofika 4 koloko yayamba kuwodzera. Yaing'ono imapereka malita 2,000 kapena 3,000 pa ola dzuwa lili pamutu, gawo limodzi pa khumi la zimene injini imalavula. Mayi wina wa kufupi ndi Bunda, amene mlamu wake anabwera kudzaona pampu yatsopano, anafunsidwa monyogodola:

"Alamu, ndalama zonse zija n'kugula kamadzi kameneka? Injini yanga ikanatha kale."

"Inde alamu, yanu ikanatha kale. Koma dzulo ndinakuonani pa Mitundu ndi chigubu chopanda kanthu."

Onse awiri ankanena zoona, ndipo palibe anasintha maganizo tsiku limenelo.

Chimene mlamu uja sanaone n'chakuti kamadzi kochepako kamagwirizana ndi chitsime cha m'dambo. Zitsime zambiri za m'madimba ndi zokumba pamanja, zosazama, ndipo madzi amalowamo pang'onopang'ono. Injini imachiphwetsa pa mphindi zochepa, kenako mukhale pansi kudikira chidzazenso, petulo atapita, nthawi zina makoma a chitsime atagumukira m'kati. Pampu ya sola imatunga pa liwiro lofanana ndi limene madzi amabwerera. Pano m'pamene malo amasiyanitsa zinthu. Mlimi amene dimba lake lagundana ndi mtsinje wosaphwa msanga, monga m'mbali zina za Diamphwe, ali ndi madzi ambiri oti injini ionetse mphamvu zake. Amene amadalira chitsime cha pakati pa dambo, monga ambiri a m'midzi yozungulira Mitundu, akugula mphamvu imene chitsime chake sichingaidyetse.

Pali chinthu chinanso chimene mlimi amaposera mwini sitima, ndipo kwa ine ndicho chachikulu m'nkhani yonseyi. Sitima ikafuna kugwiritsa ntchito dzuwa la masana usiku, ilibe njira ina koma batire. Batire ndilo chipangizo chodula kwambiri pa sola, ndiponso ndilo limayamba kufa. Aliyense amene ali ndi sola wa m'nyumba akudziwa kuti panelo imatha zaka 20 ikugwirabe ntchito, pamene batire la asidi, likamakhetsedwa mpaka pansi usiku uliwonse, silifika zaka zitatu. Mlimi safunika kusunga magetsi. Angasunge madzi. Thanki ya malita 5,000 yokwezedwa pa nsanja ya njerwa, kapena dziwe lokumba kumtunda kwa dimba loyalidwa pepala lakuda, limagwira ntchito ya batire popanda waya, popanda asidi. Pampu idzaze masana mwini ali kumsika kapena kumaliro, madzulo atsegule mpopi madzi atsike okha. Wogulitsa amene akukakamiza mlimi kugula mabatire a pampu yothirira, m'malo momulangiza za thanki, akuganizira thumba lake.

Nyengo nayonso ili mbali ya sola. Miyezi imene mbewu zimamva ludzu kwambiri, Seputembala ndi Okutobala, ndiyo miyezi imene dzuwa limaswa mtengo. Mu Juni ndi Julayi kumachita masiku a mitambo ndi kamphepo kozizira, pampu n'kumapereka theka, koma masiku omwewo nthaka siuma msanga. Sitima ilibe mwayi wotere: mkuntho ukabwera, pamene ikufuna mphamvu zambiri, m'pamene dzuwa limabisala.

Tsopano zoipa zake, chifukwa zilipo ndipo otsatsa malonda sazitchula.

Choyamba ndi akuba. Injini imagona kuchipinda, koma mapanelo omangirira m'dimba lotalikira mudzi ndi nyambo. Ena amawanyamula m'mawa ndi madzulo pa wilibala kapena pangolo, ndipo panelo siikonda kugwedezeka: timing'alu tosaoneka ndi maso timadya mphamvu yake pang'onopang'ono. Ena amawotcherera felemu, ena amamanga kachisakasa mnyamata azigonamo. Zonsezi ndi ndalama zimene sizilembedwa pa lisiti.

Chachiwiri ndi katundu wachinyengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: m'misika mwadzaza mapanelo omatidwa chipepala cha mawati 300 pamene kukula kwake kukuonetseratu kuti sangafike. Njira yodzitetezera ndi yomwe ija ya masamu a sitima. Ngati sikweya mita imodzi imapereka mawati pafupifupi 200, panelo ya mawati 300 iyenera kukhala yotalika kuposa mita ndi theka, m'lifupi pafupifupi mita. Yaing'ono kuposa apo, chipepala chikunama. Pitani kusitolo ndi tepi.

Chachitatu ndi kukonza. Kontirola, kabokosi kolumikiza mapanelo ndi pampu, ikapsa ndi mphenzi kapena ndi waya wolumikiza molakwika, wa njinga zamoto uja amangoitembenuza m'manja n'kukubwezerani. Muyenera kukwera minibasi kupita m'tauni, ndipo mwina mukauzidwa kuti mtundu umenewo unasiya kubwera. Pampu yomiza imadananso ndi mchenga. Chitsime chosamangira m'kati, chamatope, chimaidya m'miyezi yochepa. Apa pali ntchito imene sukulu ngati LUANAR ku Bunda, imene ili pakhomo pa Mitundu ndipo imaphunzitsa za ulimi wothirira, ndi makoleji a ntchito zamanja angathandize: anyamata ndi atsikana odziwa kuyeza panelo ndi kusintha kontirola akufunika pa sitolo za m'ma trading centre, osati mu Area 3 mokha. Fumbi lokha ndilo vuto lotsika mtengo. Mu Ogasiti ndi Seputembala, akamvuluvulu akamavina m'minda, panelo imachita kuyera ndi dothi, ndipo kansalu konyowa m'mawa uliwonse kamabweza mphamvu yooneka ndi maso pa paipi.

Chachinayi sichioneka chaka choyamba. Mtengo wa petulo, ngakhale umawawa, unali buleki. Munthu ankazimitsa injini msanga poopa mafuta. Dzuwa silitumiza bilu, choncho pampu imasiyidwa ikutunga tsiku lonse, madzi akusefukira m'ngalande. Dambo limodzi likakhala ndi mapampu awiri palibe kanthu. Likakhala ndi makumi atatu, ena omiza mozama, chitsime cha mayi wothirira ndi kheni ndicho chidzayambe kuuma mu Okutobala, ndipo mlandu wake udzafika kwa anyakwawa. Malamulo a m'mudzi okhudza madzi a m'dambo ayenera kukambidwa mapampu asanachuluke.

Pali ntchito imodzi kumudzi imene imafanana ndi sitima, ndiyo chigayo. Mota ya chigayo chogaya ufa imakhala ya makilowati 15 mpaka 22, ndipo poyamba kuzungulira imakoka magetsi owirikiza kangapo. Kuti muyendetse ya makilowati 20 mufunika mapanelo a mawati 300 pafupifupi 70, ndipo amenewo akukwana masana okha, pamene amayi ambiri amabwera ndi matumba m'mawa kapena madzulo akaweruka kumunda. N'zotheka, makamaka pamene mudzi wonse wagawana magetsi amodzi, monga ku Sitolo m'boma la Mchinji kumene kuli mapanelo a makilowati 80 odyetsa nyumba ndi mabizinesi. Koma kwa munthu mmodzi amene ali kutali ndi mawaya a ESCOM, dizilo akadali ndi mawu pa chigayo. Amene ali pafupi ndi mawaya anaphunzira mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a madzi a ku Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, kuti injini yakale ya dizilo siigulitsidwa msangamsanga. Ngakhale minda ikuluikulu ya sola ya dziko lino ikutsata nzeru yomweyi yogawana ntchito: wa ku Salima, wa mamegawati 60, unayamba mu 2021 ndipo umathandiza masana, pamene wa ku Golomoti, wa mamegawati 20, unabwera mu 2022 ndi mabatire ake. Usiku mtolo umabwerera ku mtsinje wa Shire.

Pa ndalama, kuyerekeza koona n'kovuta kulemba m'magazini chifukwa mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, koma mlimi angakuchite yekha pa tsamba la kope. Alembe malita a petulo amene amathira pa sabata, achulukitse ndi masabata a chilimwe chonse, pamtengo umene amagulira iye, osati wa pa wailesi. Aonjezere oyilo, masipeya, thiransipoti yokasaka mafuta, ndi mbewu zimene zinapserera sabata imene mafuta anasowa. Kenako aone kuti ndalama imeneyo ingabweze kusiyana kwa mtengo wa mapampu awiriwa pa zilimwe zingati. Wothirira miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi chaka chilichonse adzapeza kuti sola akudzibweza. Wothirira nazale ya fodya yokha, masabata ochepa pachaka, kapena wobwereka dimba chaka chino kuno chaka chamawa uko, adzapeza kuti injini, ngakhale yobwereka pa ola, ndiyo yomuyenera. Panelo yogona m'nyumba miyezi isanu ndi iwiri ndi ndalama yogona. N'chifukwa chake ochenjera amaikweza padenga nthawi ya dzinja kuti izitchaja mafoni ndi kuyatsa nyali.

Ngongole nayo muiyang'ane kawiri. Makampani ogulitsa sola pang'onopang'ono athandiza anthu ambiri amene sakanatha kulipira kamodzi, koma funsani mtengo wonse mukamaliza kulipira, funsani chimene chimachitika mukaphonya mwezi, ndipo funsani kumene kuli munthu wokonza. Tomato amagwa mtengo aliyense akakolola nthawi imodzi, koma tsiku lolipira ngongole silisuntha.

Chigamulo changa ndi ichi. Pa dimba losapitirira ekala imodzi, la mwini wake, lothiriridwa chilimwe chonse kuchokera m'chitsime, gulani sola, ndipo ndalama imene mukanagulira batire mumangire thanki ndi kumanga chitsime m'kati. Pa munda waukulu wa m'mbali mwa mtsinje, kapena pa ntchito yoyendayenda ya ganyu, injini ikadali patsogolo. Ndipo amene muli nayo kale injini, musaigulitse tsiku limene mapanelo afika. Ithireni oyilo watsopano, muisunge pouma, kapena mugwirizane anthu asanu a m'kalabu imodzi kuti ikhale ya nonse, yotulutsa sabata ya mitambo, tsiku lowokera mbande, kapena kontirola ikapita kukakonzedwa m'tauni. Ku Likoma anachita zomwezo ndi majenereta awo.

Inu alangizi a zaulimi a ku Mitundu ndi ku Nathenje, alimi akamabwera kudzafunsa pampu yoti agule, yambani mwapita kukayeza chitsime chawo mu Okutobala.